Nankafumbwe ndi jombo ya amalume

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ine mwana wanu. Kodi muli bwanji kumeneko? Msana uja munkadandaula nawo unaleka kapena ukukuvutanibe? Ine thupi lili bwino, chifuwa chija chinatha chokha, ndipo kusukulu sindikujomba.

Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi ya m'mawa, omwe aja anandibweretsera bulangete. Foni sindinaimbe dala. Foni ya kuno ndi ya amalume, chipinda chathu ndi chimodzi, ndiye ndikamalankhula nanu iwo amakhala pomwepo, khutu lili tcheru ngakhale akuoneka ngati akusoka thumba. Zimene ndikufuna kukuuzani si zonena iwo akumva.

Za kusukulu ndi zochepa. Aphunzitsi a masamu anandisamutsira kutsogolo, akuti kumbuyo ndimangoyang'ana anthu m'malo moyang'ana pa bolodi. Anyamata a m'kalasi amagwira mphuno ndikamalowa, ati ndimanunkha kavalo. Buluku la yunifomu layamba kuthawa akakolo, koma lipirira mpaka tchuthi, musade nalo nkhawa.

Munandifunsa kuti ntchito ya amalume ndi yotani kwenikweni. Kuno ndi malo amene ana a anthu opeza bwino amabwera kudzaphunzira kukwera akavalo. Pali akavalo akuluakulu, komanso ena aafupi omwe sakula kupitirira pa chifuwa changa ngakhale atakalamba. Aafupiwo ndiwo amakwera ana aang'ono, ndipo ndiwo amasamala amalume. Amawadyetsa, kuwapesa, kusesa m'khola ndi kuwamangirira chishalo, kampando kachikopa kamene wokwera amakhalapo. Chipinda chathu chinagundana khoma ndi khola, moti kavalo akayetsemula timamva.

Mwa aafupiwo pali wina wofiirira, wamimba ngati mbiya, dzina lake Nankafumbwe. Anamupatsa dzinali chifukwa palibe thumba la chakudya limene silinabooledwe ndi iye. Amayi, nyama imeneyi mukanaiona mukanaseka. Amatsegula mpiringidzo wa chitseko chake ndi milomo, pang'onopang'ono ngati munthu wosankha mpunga. Akatuluka amakatsegulira mnzake woyandikana naye, koma kavalo wamkazi wokalamba amene amamuluma samutsegulira, amangomudutsa. Amapisa mphuno m'thumba la malaya a munthu. Akatopa kukhala yekha amagubuduza ndowa ya madzi kuti wina abwere adzamukalipire. Chipewa cha munthu akachipeza amakachiponya momwera madzi, kenako n'kuima patali akuyang'ana kumbali ngati sakudziwa kanthu.

Mnzawo wa amalume pa ntchito, amene tonse timamutcha a Wailesi chifukwa pakamwa pawo sipazima, amati Nankafumbwe akanabadwa munthu bwenzi pano ali kundende kapena ali bwana wa tonsefe, pakati palibe. Amalume amamutcha mphwanga. Akamamukalipira amati iwe mphwanga wosamva, ndidzakugulitsa kwa anthu a ngolo ukaone dziko, koma dzanja lili pakhosi pake kumukanda.

Chinyengo chake chachikulu ndi cha mimba. Akaona lamba wa chishalo akubwera amakoka mpweya n'kudzitukumula. Womanga amakoka lamba mpaka kuona ngati wathina. Mwana akangokwera, iye amapuma, mimba ija n'kuphwa, lamba n'kukhala lendelende. Amalume anamutulukira kalekale. Iwo amamanga koyamba, n'kumuyendetsa kuzungulira bwalo lonse mpaka aiwale, kenako n'kukokanso lamba modzidzimutsa. Anandiphunzitsa kuti Nankafumbwe samangidwa kamodzi, ndipo womanga kamodzi wagwetsa mwana wa eni ake.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Sabata zingapo zapitazo, Lamulungu m'mawa, tinamva zitini zikugwa m'chipinda chosungira chakudya cha akavalo. Nankafumbwe anali atatsegula zitseko ziwiri, mutu uli m'thumba. Kavalo akadya chakudya chimenecho mopitirira muyeso mimba imamupota, mwina kufa kumene. Amalume anathamanga mmene analili, atavala patapata. Pomukoka kuti atuluke, iye anabwerera m'mbuyo n'kuwaponda phazi lamanzere ndi chiboda, thupi lake lonse lili pomwepo. Amalume sanakuwe. Anangokhala pansi n'kundiuza kuti nditseke chitseko.

Vuto ndi lakuti kuno kuli lamulo. Palibe wolowa m'khola wopanda jombo, ndipo amanijala, mayi wosaseka kawirikawiri, ananena pamaso pa onse kuti wovulala asanavale jombo asadzayembekeze chifundo, atenge katundu wake. Ndiye amalume anasankha kubisa. Anang'amba jombo yamanzere m'mbali ndi mpeni kuti phazi lilowe, n'kuphimba pong'ambikapo ndi mwendo wa ovolosi. Amanijala akamadutsa, iwo amayenda mowongoka ngati msilikali, thukuta lili kamukamu. Akangokhota pa kona amagwira khoma. A Wailesi anafunsa tsiku lina kuti bwanji achimwene mukuyenda ngati mwaponda minga ya apongozi, amalume anati ndi thuza la pa chala, nkhani n'kuthera m'kuseka.

Anthu anapusitsika, koma Nankafumbwe ayi. Ine ndimakhala pa mpanda ndikaweruka, buku lili pamwendo, ndipo ndinaona mmene anasinthira. Kale amalume akamuitana ankabwera. Tsopano amaima n'kuwadikira afike pafupi, dzanja likangotsala pang'ono kumugwira amasuntha pang'ono, n'kuimanso. Sathawa ayi, amangosuntha, chifukwa wadziwa kuti munthuyu sangamuthamangitse. A Wailesi akabwera amagwidwa msanga. Amachita zimenezi kwa amalume okha.

Choopsa n'chakuti kuzungulira bwalo kuja amalume analeka. Phazi silikulola. Amamanga lamba, n'kuima pang'ono akumusisita, n'kukokanso pomwepo. Koma Nankafumbwe amatha kusunga mpweya nthawi yonseyo, maso ali phethiphethi. Ndikakhalapo ndimamuyendetsa ine, koma ana ambiri amabwera ine ndili m'kalasi. Lachiwiri ndinafika kamtsikana kena katakwera kale. Pokhota, chishalo chinapendekeka n'kutsetserekera kumimba, kamwanako n'kugwera pa mchenga. Kanalira pang'ono kenako kanayamba kuseka, koma bambo ake sanaseke. Amanijala anaitana amalume pambali. Sindinamve zonse, ndinangomva akuti zikachitikanso wina achoka, kaya ndi kavalo kaya ndi munthu.

Phazilo ine ndinali ndisanalione. Amavula jombo atanditumiza kokatunga madzi, ndipo amagona atavala sokosi. Amene anandionetsa ndi Nankafumbwe yemweyo. Paja amati khoswe wa padenga anaulula wa padzala. Dzana masana amalume analowa m'chipinda cha zishalo kuti apumitse mwendo, n'kuvula jombo, n'kutsinzina pang'ono. Ine ndikulowa pa geti ndinangoona Nankafumbwe akudumphadumpha pakati pa bwalo, jombo ili kukamwa, akuipukusa ngati galu wagwira nsanza. Amanijala anali pa khonde la ofesi ndipo ndinawaona akuseka koyamba chibwerereni kuno. A Wailesi anakuwa kuti taonani, mbala yayamba kuba ndi nsapato zomwe, mawa itibera akazi. Ndinathamanga n'kumulanda asanaione bwino aliyense. M'kati mwake munali monyowa, ndipo fungo lake silinali la thukuta.

Nditakankha chitseko cha chipinda cha zishalo ndinawapeza amalume akuyesa kubisa phazi kuseri kwa ndowa, koma anachedwa. Amayi, phazi la mlongo wanu latupa mpaka kupitirira pa kakolo. Khungu lake likunyezimira, pamwamba pada bii, chikhadabo cha chala chachikulu palibe, ndipo pali bala lotuluka mafinya. Pali mzere wofiira umene ukukwera m'mwendo kulunjika ku bondo. Akupakapo mankhwala opopera pa zilonda za akavalo, ati ngati amachiza nyama yaikulu chotere angalephere bwanji pa munthu. Koma ine ndikuona kuti chakudya akungochitokosa, ndipo dzulo masana dzuwa likuswa mtengo anavala jekete akunjenjemera.

Ndinawapempha kuti tipite kuchipatala. Anati kuchipatala akakulunga phazi ndi bandeji, bandeji salowa mu jombo, ndipo amanijala akafunsa kuti chiboda chinadutsa bwanji mu jombo osaiboola pamwamba. Anati ntchito ikatha chipinda chino chatha, ndipo sukulu yanga yathera pomwepo, kodi ndikufuna zimenezo? Kenako anandiloza ndi chala n'kunena kuti iwe Birimankhwe, maso akowo aone koma pakamwa patsekedwe, ukangouza achemwali anga ndikukweza basi tsiku lomwelo. Sanandikalipirepo chotere chibwerereni. Atatha anandipatsa chipatso chimene anasungira Nankafumbwe, osandiyang'ana kumaso.

Ndaganiza kwambiri, Amayi. Sukulu ndikuifuna, inu mukudziwa. Koma m'kalasi sindikumva kanthu, ndimangoona mzere wofiira uja. Mawu a zengerezu analinda kwawukwawu munkandiuza ine ndikamachedwa kudzuka, lero ndikuwaona pa munthu wamkulu. Ndiponso Loweruka likubwerali kukubwera ana ambiri a sukulu ina, ndipo Nankafumbwe adzamangidwa ndi kumasulidwa tsiku lonse. Kamtsikana kaja kanagwera pa mchenga. Wina adzagwera pa mpanda.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Ngati ulendo sutheka msanga, imbani foni tsiku lomwe mulandire kalatayi, koma amalume musawanyengerere. Alankhuleni ndi mawu aja mumalankhula mukaima pakhomo manja ali m'chiuno. Amalume saopa amanijala kwenikweni, saopa kavalo wamkulu amene amamenya anthu, koma inu amakuopani. Amanena okha kuti munawabereka kumsana ndipo munawakwapulapo ali ndi ndevu kale. Muwauze apite kuchipatala, ndipo akauze amanijala zoona, kuti anathamanga ndi patapata pofuna kupulumutsa kavalo wa eni ake. Kaya akamva kaya sakamva, sindikudziwa. Koma munthu amene anaseka jombo ili kukamwa kwa kavalo mwina mtima ali nawo.

Pali china chimene muyenera kudziwa musanaimbe. Lero m'mawa amalume anadzuka n'kupeza jombo yamanzere palibe. Yakumanja ili pomwe anaisiya, pakhomo. Nsapato ina iliyonse phazilo silingalowe, ya a Wailesi anayesa yakana, ndipo wopanda jombo salowa m'khola. Atuma uthenga ku ofesi kuti adzuka ndi malungo, ndipo akavalo aafupi lero akusamala a Wailesi. Ndinawakumbutsa a Wailesi za kuzungulira bwalo, anati mwana iwe ukufuna kuphunzitsa nsomba kusambira, koma ndinawaona akumuyendetsa Nankafumbwe.

Mmene ndimachoka n'kuti amalume atakhala pa bedi, mwendo uli pa mpando, akutukwana Nankafumbwe kudzera pa khoma. Amati mphwanga wandionjeza, ubweze jombo yanga usanaone zakuda. A Wailesi afufuza momwera madzi, m'udzu ndi kuseri kwa khola. Nankafumbwe anangotulutsa mutu pa chitseko akutafuna, ndipo kwa nthawi yoyamba akumunamizira.

Jomboyo ili m'chikwama changa, pansi pa mabuku. Ndikulemba kalatayi pa benchi ya pa siteji ya basi chikwamacho chili pakati pa miyendo, ndipo anyamata a m'kalasi lero akagwira mphuno ndi chifukwa chenicheni. Ndidzaibweza inu mukalankhula nawo, osati kale. Sindikudziwa kuti ndingaisunge masiku angati asananditulukire, chifukwa amalume akhala zaka akutulukira mbala yochenjera kuposa ine. Chonde musachedwe.

Mundiperekere moni kwa agogo, muwauze kuti sweta ija ikundikwanabe. Moni kwa azakhali ndi ana awo, kwa bambo aang'ono, ndi kwa alongo anga awiriwo. Wamng'onoyo mumuuze kuti kavalo ndinamujambula monga anapempha, chithunzi ndidzabwera nacho. Za phazi musawauze agogo, angadwale ndi maganizo.

Mphasa yanga musabwereketse kwa alendo sabata ino. Amalume akasunga mawu awo, mwina mundiona ndikutsika basi yomweyi. Ndikatsika, mudzandikalipire pambuyo, koma muyambe mwafunsa ngati mlongo wanu wapita kuchipatala.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Birimankhwe