Apongozi akufuna kutenga ana chifukwa cha mgaiwa

Aphungu,

Mkazi wanga Vaileti anatisiya mu Malichi. Ndatsala ndi ana awiri, Pemphani wa zaka 15 ndi Annette wa zaka zitatu, komanso bambo anga okalamba.

Za ufa ankayendetsa ndi malemu. Nditayesa ndekha, ndinaviika mphale n'kuiwala sabata yathunthu, mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati chimbudzi chasefukira. Kuyambira pamenepo ndimangopita ndi chimanga kuchigayo n'kubwerako ndi mgaiwa.

Lamlungu lapitali apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Mitundu. Atavundukula ndowa ya ufa anati, "Bambo a Pemphani, mwana wanga ankadyetsa anawa ufa woyera. Izi ndi za kundende. Sukulu ikatsekera ndidzawatenga." Pemphani naye amadya monyinyirika. Okondwa ndi bambo anga okha, akuti m'mimba mwamasuka.

Aphungu, m'nyumba muno muli kale zii. Kodi anawa ndikuwalakwira?

M.C., Chinsapo

A M.C.,

Pepani ndi zovutazo. Simukulakwa ayi. Gaga amene timataya pokonola ndiye amathandiza munthu kuti asadzimbidwe, ndipo mtima wa chimanga, momwe muli zopatsa thanzi zambiri, umatayika naye limodzi.

Bambo anu akunena zoona, koma azimwa madzi ambiri. Pemphani akukula, adye basi, kunyinyirikako kutha. Wofunika kusamala ndi Annette. Kamimba kake kamadzaza msanga, choncho muzisefa ufa wake, muzithira nsinjiro kapena kasupuni ka mafuta m'phala, ndipo azidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Chimanga muzisankha musanagayitse, chachuku n'kutaya, poti mgaiwa sumachotsa kanthu. Muzigayitsanso chochepa, mgaiwa suchedwa kuwawa.

Tsono apongozi. Chikuwapweteka si ufa. Aitaneni adzakhale nanu sabata imodzi, akuphunzitseni kuviika mphale monga anaphunzitsira mwana wawo, ndipo masiku ena muziphika woyerawo. Tsiku la sikelo mupite nawo, akaone okha mmene Annette akukulira.

Koma musalimbane nawo pamaso pa ana, ngakhale mukudziwa kuti simukulakwa. Inu mwaika mkazi, iwo aika mwana. Mukakokanakokana, wolira adzakhala Annette.

Aphungu