Utoto Wofiira M'zala Zanga

Lahore,
9 Novembala.

Okondedwa Achemwali a Farzana,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Muscat. Kuno tili bwino, kupatula utsi umene waphimba mzinda wonse moti Amalume a Iftikhar akutsokomola osalekeza. Musadabwe kuti ndalemba papepala n'kujambula pa foni. Kuyankhula sindingathe, khoma la kuno ndi lopyapyala, komanso mukundidziwa kuti mawu amandithawa ndikawafuna. Mukhululuke zilembo zokhota.

Pempho langa ndi ili. Amayi aimba kuchokera kumudzi kuti banja lina la ku Kasur, eni sitolo ya feteleza, likubwera Lachitatu kudzandifunsira mwana wawo. Mukudziwa kuti Amayi akangolawa maswiti a anthuwo, nkhani yatha. Chonde muwaimbire kuti asalandire msanga. Inu amakumverani. Ndili ndi ntchito imene sindinamalize kuno, ndipo ndifotokoza kuti mumvetse.

Kushopu ya Amalume masiku ano ndine ndimapinda mapaipi a makompyuta aja oziziritsidwa ndi madzi. Ndimakhala kuseri kwa katani, pa tebulo langa. Paipi yolimba ndimaifewetsa ndi mpweya wotentha, n'kuipinda pang'onopang'ono, kenaka ndimapala kumapeto kwake kuti isadule kamphira ka m'kati mwa cholumikizira. Kamphirako kakangokandika, madzi amadonthera pa zida zodula. Amalume akuti manja awo ayamba kunjenjemera, ndiye anandisiyira.

Mwezi wathawu kunabwera kasitomala wina, a Zeeshan, amene amajambula mapulani a nyumba. Kompyuta yawo inkatentha mpaka kuzima yokha. Amalume atawafunsa ngati akufuna mapaipi ofewa kapena olimba, anati akaganize kaye. M'mawa mwake anabwera nati ofewa, chifukwa savuta. Tsiku linalo anati ayi, olimba, amaoneka bwino. Kenaka inabuka nkhani ya zolumikizira, zakuda kapena zoyera, zowongoka kapena zachigongono. Tsiku lina anabwera ndi zawo zimene anagula kwina, zazikulu kuposa paipi yathu, ndipo atamva kuti sizigwira anasangalala ngati apatsidwa mphatso. Funso lililonse Amalume ankaliponyera kuseri kwa katani, ine n'kumayankha chapansipansi. Mpaka Amalume anatopa.

"Bambo inu, anzanu amagula zolumikizira zonse tsiku limodzi. Inu chimodzichimodzi ngati mankhwala a shuga. Kwanu kulibe tiyi?"

"Alipo, Amalume, koma safanana ndi wa kuno," anayankha a Zeeshan.

Ine kuseriko ndinawotcha paipi mpaka inachita matuza. Sindikudziwa chifukwa chake ndakuuzani zimenezi.

A Zeeshan anasankha okha mtundu wa madzi, wofiira. Tsiku lodzaza m'thanki, botolo linandipulumuka, utoto n'kundithira m'zala zonse mpaka m'zikhatho. Ndinatsuka ndi sopo, ndi mandimu, ndi mchere, koma sunachoke. Unangosanduka wofiirira ngati hina, utoto uja amampaka m'manja mtsikana akatomeredwa. Sindinasamale. Ndinayala matishu oyera pansi pa cholumikizira chilichonse n'kuyatsa pampu yokha, monga timachitira pofuna kuona ngati pali podontha.

Lachisanu, Amalume atapita ku mzikiti, kunalowa mayi wina wachikulire atanyamula bokosi la maswiti a mkaka lomanga ndi riboni. Anati ndi mayi awo a Zeeshan, adzaona makina amene akuwasowetsa mwana panyumba. Makinawo sanawayang'ane n'komwe. Achemwali, inu mukudziwa tanthauzo la bokosi lotero, limabwera ndi ofunsira mbeta. Ndinakokera mpango kumutu, ndinawapatsa mpando, ndinawaphikira tiyi. Anandifunsa za kwathu, za malemu Abambo, za sukulu. Ndinanena zoona kuti ndinalekezera ku pulayimale. Anamwetulira nati mwana wawo wawerenga mokwanira anthu awiri.

Kenaka ndinatambasula manja kuwapatsa kapu.

Anayang'anitsitsa zala zanga. Kumwetulira konse kunatha.

"Mwana wanga, tachedwa eti. Mulungu adalitse banja lako."

Mawu anali pakhosi pomwepa, akuti ndi utoto wa makina a mwana wanu. Koma ndikanapitiriza bwanji? Kuti amayi, sindinatomeredwe, khalani pansi mundifunsire? Mtsikana anganene zimenezo kwa mlendo? Ndinangoweramitsa mutu, ndipo ndikuganiza kuti kuweramako anakutenga ngati kuvomera. Anapsontha tiyi pang'ono, ananyamula bokosi lawo, n'kutsika masitepe. Amalume atabwera ndinangowauza kuti kunabwera mayi wina kudzafunsa za makina.

Matishu aja anakhala ouma onse. Ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo, koma ndinaiyang'ana ngati mdani. A Zeeshan sanabwerenso. Dzulo anaimbira Amalume kuti atumiza woyendetsa rikisho, njinga yamoto ya mawilo atatu ija, adzatenge kompyutayo, iwo atanganidwa. Amalume anaseka nati tiyi wathu wamukola munthu uja.

Achemwali, sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatsegula katani n'kunena mokweza, makasitomala ena ali pomwepo, kuti makina a madzi sachoka mwini wake asanaonetsedwe kampopi kokhuthulira, komanso kuti mapaipi olimba amazuka m'zolumikizira rikisho akagwa m'dzenje. Zonsezi ndi zoona, musandiyese wabodza. Amalume anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Lamulo limeneli layamba liti m'shopu mwanga, Shagufta?"

"Lero, Amalume."

Anayang'ana nkhope yanga, anayang'ana manja anga, kenaka anatenga foni. Ndinawamva akuti shopu ino ili ndi lamulo lakale kwambiri, mwini abwere yekha. A Zeeshan avomera kubwera Lachinayi.

Mwaona tsopano. A ku Kasur Lachitatu, iwo Lachinayi. Kuyambira dzulo sindikukhazikika. Ndapukuta tebulo, ndasanja zolumikizira m'mabokosi molingana ndi kukula, ndazikhuthula n'kusanjanso. Chimene ndidzanene sindikuchidziwa, mwina sindidzanena kanthu. Ndangoganiza kuti powaonetsa kampopi kaja ndidzaika botolo la utoto pa tebulo, pafupi ndi manja anga. Mtunduwo anasankha okha, ayenera kuuzindikira. Koma ukufufutika tsiku ndi tsiku, moti mandimu ndasiya, ndipo mbale ndikutsuka ndi nsonga za zala ngati mwana wa bwana. Mwina adzaona. Mwina adzangonyamula makina awo n'kuthokoza. Chimene ndikupempha ndi kuti Lachinayilo lindipeze ndisanaperekedwe.

Mundipatsire moni kwa alamu, muwauze kuti ndikuwapempherera pa ntchito yawo ya padzuwa. Mumpsompsone Areeba, ndipo Hamza mumuuze kuti amayi ake aang'ono sanamuiwale. Inu mudzisamale, musamangodya zotsala za ana. Ndakusowani kwambiri masiku ano. Mukanakhala pano Lachisanu lija, mukananena mawu amene ine anandikanika.

Mukaimbira Amayi adzafunsa chifukwa, mukuwadziwa. Pamwambapa ndalemba kuti ndi ntchito. Musanene za ntchito, Achemwali. Muwauze dzina la a Zeeshan.

Ine mng'ono wanu,
Shagufta