Petulo wa Amayi Agnesi

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo. Mpongozi wanu Lusiya anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu, koma kulira watengera ine, moti oyandikana nafe ku Lichinga kuno atidziwa tsopano. Ku Meluluca chinangwa chachita bwino chaka chino. Achemwali Mariya aviika kale kambirimbiri, ngakhale mbuzi za eni zikulowabe m'munda wanu wakumtunda uja. Denga la khitchini linasasuka ndi mwera, alamu akulifolera pang'onopang'ono monga mukuwadziwira.

Ndayamba ndi zabwino dala, chifukwa zotsalazi ndili nazo manyazi.

Ndikadali pa umakaniko pa sitolo yogulitsa mainjini a maboti ija. ABernardo, a boti lalikulu lobiriwira, anagula injini yawo kwathu, ndipo itayamba kutentha anabwera nayo ikadali pa garantiya. Anandisankha okha pakati pa anzanga onse, amvekere, "Mundipatse mwana wa malemu Amayi Juliyana, ndi wathu uyu." Nditamasula ndinapeza kuti kampira kopopa madzi oziziritsa injini katha mano. Katsopano kanalipo, kumangofunika kudikira patarawu, bwana wathu, abwere ndi makiyi a kosungira zipangizo. Koma tsiku limenelo Lusiya anali atalowa kale kuchipatala, mtima wanga unali komweko. Ndinapukuta kakale komweko, n'kukabwezera, n'kumanga, n'kuwauza kuti zatheka. Paja munkati, "Tomasi, manja ako ndi abwino, koma matako sakhala pansi."

Injini inapsa pakati pa nyanja, nyengo ya usipa, khoka la chilimira lili m'madzi. Anyamata anapalasa ndi matabwa opondapo mpaka kumtunda. Palibe anamira, Mulungu ndi wamkulu. Injiniyo itabwerera kuno, patarawu anandiitanira kuseri. Anati mlandu ukakhala wa makaniko, sitolo ipereka injini yatsopano, ine ndinyamule masipanala anga ndizipita. Ukakhala wa mafuta oipa, sitolo ilibe mlandu. Sanandiuze chonena, Amayi, ndisawanamizire. Ndinatuluka ndekha n'kukawauza aBernardo kuti petulo wawo anali wosakaniza ndi parafini.

Sindinaganize n'komwe kuti petulo ali ndi mwini wake. Ndinkayesa ndikunamizira botolo. Koma kwathu kuja wogulitsa petulo wa m'mabotolo ndi mmodzi yekha, Amayi Agnesi, mnzanu wa benchi limodzi kutchalitchi, amene anakusambitsani tsiku lomaliza lija ife tikungolira panja. ABernardo anafika pagombe ndi mawu anga, ndipo anthu anakhulupirira chifukwa ndine makaniko wa m'tauni, komanso ndine mwana wanu. Lero asodzi amatuma njinga yamoto ku Metangula kukagula petulo, n'kumawadutsa mayiwo pakhomo. Ana awapeka dzina, akuti aParafini.

Sabata yatha tinapita kumudzi ndi mwana kuti abale akamuone. Ndinazungulira njira yakumunda kuti ndisadutse pakhomo pa Amayi Agnesi, koma anabwera okha kunyumba, nkhuku yodzapatsa Lusiya ili m'khwapa. Anamunyamula mwana, kumuitana dzina lanu, kumuvinitsa pamiyendo. Kenaka anatulutsa botolo m'chitenje.

"Tomasi, iwe ndiye mmisiri. Tanunkhiza gazolina uyu, undiuze pamene ndinalakwa. Kapena a ku Metangula anandipusitsa, ine mphuno zakalamba izi. Ndikanapha ana a eni, Tomasi."

Amayi, sakundikayikira ine ayi, akudzikayikira okha. Akuti sagona akaganiza za anyamata aja ali pakati pa madzi. Ndinanunkhiza. Anali petulo weniweni, wabwino kuposa amene timagula ife kuno. Ndinati ndikamuyeza bwino ku Lichinga, ndipo anandithokoza ndi manja awiri.

Nkhuku ija inandikanika kumeza, Lusiya n'kumayesa malungo. Dzulo ndamuuza zonse. Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anangoyang'ana matewera ali pachingwe n'kundifunsa kuti, "Ndiye sopo wochapira izi akutigulira ndi Amayi Agnesi?"

Ntchito ndikuifuna, sindinama. Mwana ndi wakhanda, nyumba ndi ya lendi, ndipo makaniko wochotsedwa chifukwa chootcha injini mbiri yake imafika pa galaja iliyonse iye asanafike. Ndayesa kudziuza kuti nkhani izizira yokha, anthu aiwala. Koma mlandu suola, munkatero ndinu mukamatikumbutsa za mbale zomwe tinaswa n'kubisa kuseri kwa nkhokwe.

Loweruka ndikwera chapa, minibasi yakwathu ija. Sindikanong'ona kunyumba kwa aBernardo ayi. Bodza langa linamveka pagombe, ndiye ndikaima pagombe pomwepo m'mawa, maboti akutsitsa usipa, ogula onse alipo, ndikanene kuti injini ndinaipha ndine. Lolemba ndidzawauza patarawu kuti apereke yatsopano. ABernardo andilalatire, ali ndi chifukwa. Chimene chikundiopsa ndi nkhope ya Amayi Agnesi akadzazindikira kuti pamene ndinkanunkhiza botolo lija ndinkadziwa kale.

Mukanakhalapo mukanandikoka khutu mpaka kukandifikitsa pamenepo. Poti palibe wondikoka, ndikulonjeza kuti ndipita ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tomasi