Wotsala Akalemba Mayeso

Lachiwiri, 4 Malichi

Abwana atsopano atiitanitsa tonse m'mawa. Aliyense wogwira mawaya akhale ndi pepala la mayeso a zamagetsi pofika Juni, apo ayi ntchito yatha. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikukulunga mawaya a mamota pa benchi lomweli, lero akufuna pepala. Ine wolekezera Sitandade 4.

A Foromani akuti, "Mayi, manja muli nawo, koma masamu ajatu ndi nkhani ina." Ndaseka nawo. Kuseri kwa sitolo ndalira pang'ono. Dzina ndalembetsabe.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndawauza amayi. Sanatembenuke n'komwe pa makina awo osokera. "Nzerutu mnzako anamaliza yekha m'mimba muja, iwe unatenga mphamvu." Mawu omwe aja chiyambire.

Ine ndi mnzangayo ndife mapasa ofanana mpaka mpata wa m'mano. Tili ndi zaka zisanu ndi zinayi amalume anabwera kudzatenga mmodzi kuti akamuphunzitse. Anatenga iye. Lero amaphunzitsa masamu a zamagetsi kukoleji, abale amamutchula Pulofesa. Ine Wotsala, mpaka ana a achimwene amanditchula choncho.

Kumuimbira foni? Manyazi. Chibadwire sindinamupemphepo kanthu.

Loweruka, 15 Malichi

Ndinamuimbira Lachitatu. Wabwera lero ndi mabuku atatu ndi choko, ngati kuno kuli bolodi. Takhala pa tebulo la kukhitchini. Masamu ake odabwitsa, zilembo m'malo mwa manambala. V, I, R. Mutu wanga gwa! Wafotokoza kanayi, kachisanu mawu akwera. Ndamuuza kuti ngati watopa khomo ndi ilo. Wapita osamwa tiyi.

Mwina amayi amanena zoona.

Loweruka, 22 Malichi

Wabweranso, koma wanditsatira kuntchito. Wandipeza ndikumasula mota ya pampu yopsa, manja ali bii. Wafunsa kuti ndidziwa bwanji waya wobwezeramo, poti wakale wasungunuka. Ndayang'ana kukula kwa chitsulo, ndapima waya ndi zala, ndati kuzunguliza ka 60 pa khoyilo iliyonse. Iye pepala, cholembera, kakuleta, mphindi khumi zathunthu. Wapeza 61. Wandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, masamu amenewatu ophunzira anga a chaka chachiwiri amagwa nawo. Ukuwachita kale, mayina ake okha ndi amene sukuwadziwa."

Ndiye tasintha njira. Ine ndizinena yankho kaye, iye azindionetsa chilembo cha zomwe ndachita m'mutu. Kani R ndi kuvutika kwa moto podutsa mu waya wowonda! Zomwe zija zimandiwotcha zala tsiku ndi tsiku.

Tiyi wamwa makapu awiri, m'kapu ya a Foromani.

Lachiwiri, 29 Epulo

Mwezi wathunthu osalemba muno. Kope lonse lathera masamu, ena kuseri kwa kalendala.

Mayeso lero. Tinalipo makumi atatu, wamkazi ine ndekha. Wapakhomo anandifunsa ngati ndaperekeza mwana. Ndinamuonetsa nambala yanga.

M'mawa zolemba. Ndalemba tsamba ndi tsamba mpaka nthawi kutha. Funso limodzi ndalisiya, landitalikira.

Masana zamanja. Aliyense mota yake, apeze vuto m'mphindi makumi anayi. Anyamata kuthamangira mita. Ine ndinayamba ndainunkhiza, ndinaizunguza ndi dzanja, khutu pafupi. Vuto lomwe anaikamo dala, waya womasuka, ndinalipeza msanga. Ndinapezanso lina lomwe eni ake sankalidziwa, bering'i yotha. Woyesa anabwera, anamvera yekha, anavula magalasi. Analemba motalika.

Lachisanu, 30 Meyi

Ndakhoza! Nambala wani pa anthu makumi atatu. Masamu 78. Ine amene!

Dzina langa pamwamba penipeni, ndaliwerenga katatu ndi chala. A Foromani andipatsa moni wa manja awiri, akuti ankadziwa kale. Bodza lawo, koma lero ndawakhululukira. Abwana akuti ndiziyang'anira mabenchi onse anayi.

Ndayenda wapansi mpaka kunyumba. M'minibasi sindikanakwanamo. Pulofesa pa foni wangokuwa, mawu osamveka, kenaka akuti funso lomwe ndinasiya lija tidzalichitabe.

Lamlungu, 1 Juni

Tapita tonse awiri kwa amayi ndi pepala. Aligwira m'mphepete ngati lotentha. Kenaka angoyamba kulankhula, maso ali pawindo.

Amalume tsiku lija sanasankhe wanzeru. Anafika mwadzidzidzi pa galimoto yobwereka, akufuna kubwerera dzuwa lisanalowe. Ine ndinali gone ndi chikuku. Anangotenga amene anali chilili. Za nzeru za m'mimba zija amayi anazipeka kuti ndisiye kufunsa, kenaka pakamwa panazolowera, mpaka iwo eni anazikhulupirira.

Chikuku basi. Zaka makumi atatu ndi zisanu.

Ndimayesa ndikwiya. Koma amene walira ndi Pulofesa. Akuti tsikulo amalikumbukira bwino, anandisiya ndili ndi nsalu yonyowa pamphumi. Mayeso aliwonse a moyo wake amalowa akuopa kuti tsiku lina anthu adzazindikira kuti anatenga wolakwika. Ndamuuza kuti wolakwika panalibe, malo ndi amene anali amodzi.

Amayi akuti, "Ndinakulakwira mwanawe." Ndawapempha kuti pepalalo likagone kwawo sabata imodzi, alendo alione. Alipachika pamwamba pa makina.

Lolemba, 2 Juni

Pulofesa waimba nthawi ya nkhomaliro. Akufuna ndimuphunzitse kukulunga mota. Akuti zaka makumi awiri akujambula khoyilo pa bolodi, sanaigwirepo.

Tapangana Loweruka, 7 koloko. Ndamuuza abwere ndi zovala zakutha, adule zikhadabo. Ayambira kusesa, ngati wina aliyense.