Mlonda Amene Munatisiyira

Salima,
21 Febuluwale 1998

Okondedwa achimwene Clifton,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Gaborone kumeneko, inu, alamu ndi ana. Kuno tilipo, ngakhale mvula ya chaka chino yatisautsa. Amayi mwendo uja ukuwavutabe kukachita mitambo, koma akudya, ndipo akutikalipira monga mwa masiku onse. Mankhwala opaka munatumiza aja atsala pang'ono kutha. Ngati pali wobwera kuno muwapatsire ena.

Ndayamba ndi zing'onozing'ono chifukwa nkhani yeniyeni ikundilemera. Ndi ya kuntchito, ku ofesi yathu ija yochenjeza alimi za madzi osefukira, kumene inunso munkagwira musanathawe. Ndi nkhaninso ya a Binwell. Chonde musaipinde kalatayi poona dzinalo. Muwerenge mpaka pansi.

Mukuikumbukira kompyuta yakale ija ya Unix, imene inkalira ngati firiji ya mu golosale? Mu Novembala otithandiza aja anatibweretsera yatsopano, ya Linux. Kunabwera katswiri wochokera ku Lilongwe, anakopera zonse za m'makina akale n'kuziika m'atsopano, anadya chambo, n'kubwerera. Mwa zimene anakoperazo munali kapulogalamu kanu kaja munakatcha Mlonda. Sindiiwala tsiku limene munandifotokozera ntchito yake, mutakhala pa tebulo miyendo ili lende, ngati mmene munkakhalira pa mtondo wa amayi muli mwana. Munati memole ya kompyuta ili ngati mphasa yoyanikapo mpunga, pulogalamu imodzi ikadzaza mphasa yonse makina amauma gwa. Ndiye Mlonda amafunsa makinawo pafupipafupi kuti pulogalamu yowerengera madzi a mumtsinje yatenga malo aakulu bwanji, ndipo nambala ikapitirira malire munaika aja, amaipha kuti makina onse asafe nayo.

Makina atsopano anayenda bwino mpaka mvula itakhazikika. Kenaka pulogalamu ya madzi inayamba kufa ntchito ili mkati. Tsiku la dzuwa inkayenda mpaka kumapeto. Koma tsiku limene wailesi yathu ikulira osapuma, a ku Dedza ndi a ku Chitala akutiuza za mvula yagwa kwawo, tsiku limene tikuifunitsitsa, inkangoti zii. Pa sikilini pankatsala liwu limodzi lonena kuti yaphedwa, ndipo pambali pake pankaoneka dzina la a Binwell, poti ndiwo ankalowetsa manambala a mvula.

Kumapeto kwa Januwale mtsinje wa Linthipe unasefukira ife tisanatumize chenjezo. Ku Maganga mpunga unakwiririka ndi mchenga, mbuzi zinapita ndi madzi, ndipo banja lina linakhala mumtengo wa mango mpaka bwato litabwera. Palibe anafa, tithokoze Mulungu. Koma anthu anafuna dzina la munthu, ndipo dzina linali kale pa sikilini.

Dziko lasintha chibwerere matipate, achimwene. Amene tinkawaopa dzana ndi amene lero akuyenda cha m'mbali mwa khoma. Anthu anayamba kunena kuti a Binwell akuononga dala kuti boma latsopano lioneke lolephera. Eveles wotayipa uja anawauza maso ndi maso pa nthawi ya tiyi kuti, "Kale munkapha anthu ndi pakamwa, lero mwayamba kupha ndi zala?" Iwo anangoika kapu pansi n'kutuluka. Bwana wathu a Yesaya, munthu wofatsa amene anabwera inu mutachoka kale, anawaimika pa ntchito n'kuitanitsa msonkhano woti awachotseretu. Akanawachotsa, nyumba ya ntchito akanayenera kutulukamo, ali ndi ana a pasukulu ndi mkazi wodwaladwala.

Ndinene zoona, ine ndinasangalala. Ndinakumbukira m'mawa uja wa 1992, galimoto yopanda nambala itaima pansi pa mbawa, a Binwell ali pakhomo la ofesi akuloza ndi mutu kumene kunali inu, chifukwa cha timapepala tija munasindikiza pa makina a ntchito. Ndinakumbukira mmene msana wanu unalili atakutulutsani, amayi akukuthowani ndi madzi otentha. Mumtima ndinati zawapeza.

Atachoka a Binwell, ntchito yolowetsa manambala inagwera ine. Ndinkalowa ndi dzina lawo, poti katswiri uja anaika zonse za mvula pansi pa dzina limenelo. Mvula itagwanso, pulogalamu inafa ine ndikuyang'ana. M'chipindamo ndinali ndekha. A Binwell tsikulo anali ku Chipoka kukafunsa ganyu padoko.

Ndinakatenga makina akale ku sitoro, ndinawapukuta fumbi, n'kuwaimika pambali pa atsopano. Onse awiri ndinawapatsa manambala a mvula amodzimodzi, ndipo pa onse awiri ndinalemba lamulo lija munandiphunzitsa, la ps, lofunsa kuti pulogalamu yatenga malo otani. Akale anayankha nambala yaing'ono. Atsopano anayankha nambala yoposa imeneyo kanayi. Ndinayesanso, inatulukanso yoposa kanayi. Zaka zija ndinkaphunzitsa masamu ku Ntcheu sizinapite pachabe, ndinadziwa kuti kanayi wobwerezabwereza sangakhale wangozi. Nditawerenga malangizo a m'makina onse awiri ndinapeza kuti akale amawerenga memole m'mapeji, peji limodzi kukhala makilobayiti anayi, pamene atsopano amawerenga makilobayitiwo limodzilimodzi. Zili ngati kufunsa amayi awiri za mpunga wa m'thumba limodzi, wina n'kukuyankha m'mabeseni, wina m'timbale. Mpunga ndi womwewo. Koma Mlonda wanu amamva nambala yokha, safunsa kuti ayeza ndi chiyani. Tsiku la mvula yambiri pulogalamu imakula pang'ono, ndipo pa muyeso watsopanowo imaoneka ngati yadya mphasa yonse.

Apa ndi pamene ndikuchita manyazi. Kukonza kwake kunali kusintha nambala imodzi ya malire. Ndinaisintha, chifukwa kumapiri a Dedza kunali kutadanso, ndipo anthu a ku Maganga sanandilakwire. Makina akale ndinawabwezera ku sitoro n'kuwafunditsa nsalu yawo. Sindinauze munthu. Mvula yotsatira pulogalamu inayenda mpaka kumapeto, chenjezo linapita pa nthawi yake, ndipo Eveles anaomba m'manja nati, "Mwaona, mayi? Mfiti yachoka, mwana wachira." Ine ndinaseka nawo. Ndinali nditamaliza kuwapachika a Binwell ndi chala changa chimodzi, popanda kunena bodza lililonse.

Msonkhano unachitika Lachinayi lapitali. Kunali a Yesaya, ife ogwira ntchito, ndi a Binali, wapampando wa alimi a mpunga a ku Maganga, amene anabwera pa njinga matope ali mpaka m'mawondo. A Binwell anavala jekete lija la bulauni mukulidziwa, tsopano likuwakhwepa m'mapewa. A Yesaya anafotokoza mlandu mwaulemu: pulogalamu inkafa iwo alipo, yasiya kufa iwo atachoka. Anawafunsa ngati ali ndi mawu.

Anaimirira, koma sanayang'ane bwana. Anayang'ana ine.

"Mayi Benedicta," anatero, "za achimwene anu ndinachitadi. Anandifunsa, ndinaopa, ndinaloza. Mukandichotsa chifukwa cha zimenezo ndinyamula katundu wanga lero lomwe. Koma za mpungazi ayi. Mayi anga ndi a ku Maganga konko."

"Nanga bwanji zinasiya inu mutachoka, bambo?" anafunsa a Binali. "Makina anakusowani?"

Ena anaseka. A Binwell anati, "Sindikudziwa," n'kukhala pansi.

A Yesaya anatsegula peni kuti asaine kalata yowachotsa. Ine ndinkamva mvula ikuyamba padenga la malata, dontho limodzilimodzi. Ndinaganiza za msana wanu. Ndinaganizanso kuti chaka chija a Binwell nawo anangokhala ndi mantha awo n'kulola kuti galimoto inyamuke, ndipo ine pano ndangokhala ndi mkwiyo wanga, peni ili m'manja mwa bwana. Sindikunena kuti ndinawakhululukira. Ndinangoona kuti mpando umene ndakhalapo ndi wawo uja.

Ndinapempha kuti tonse tipite ku chipinda cha kompyuta. Ndinabwezera nambala yanu yakale, ndinalowetsa manambala a tsiku la chigumula lija, n'kuwauza a Binwell kuti aime pakhomo manja ali kumbuyo. Pulogalamu inafa. Ndinasintha nambala, inayenda. Ndinawafotokozera za mabeseni ndi timbale, ndiponso kuti ndinazidziwa kale koma ndinakhala chete. Eveles anayang'ana pansi. A Yesaya anatseka peni yawo pang'onopang'ono, ndipo mmene anandiyang'anira sindidzaiwala.

"Subhanallah," anatero a Binali modabwa. "Ndiye mpunga wathu tikaufunse kwa ndani? Timange makinawa?" Kenaka anafunsa funso limene ndinkaliopa. "Mlonda ameneyu anamulemba ntchito ndani?"

Achimwene, ndinatchula dzina lanu. Ndinawauza kuti munalemba molondola, molingana ndi makina amene analipo, ndipo kuti mukanakhala pano bwenzi mutaziona tsiku loyamba. A Binali anangogwedeza mutu. Koma mukudziwa mmene nkhani imayendera pa njinga. Pofika ku Maganga idzakhala itataya mapeji ndi makilobayiti panjira, n'kutsala kuti mwana wa amayi Dailes anasiya chinthu m'kompyuta. Inu amene mukuganiza zobwerera kwanu chaka chamawa, ndakuthirani fumbi pa dzina, pofuna kupulumutsa munthu amene anakuthamangitsani. Ndikanakonda mukanazimva kwa ine ndisanazichite, koma peni inali itatsegulidwa kale.

Tsopano pempho langa. A Binwell abwerera pa ntchito mongoyembekezera. Akuluakulu a ku Lilongwe akuti mawu anga sakukwana, poti ndinabisa poyamba, ndipo sakulakwa. Akufuna mawu a mwini wake amene analemba Mlonda, otsimikiza kuti malirewo anali a mapeji. Popanda zimenezo nyumba ija atulukamo ndithu. Mizere iwiri ndi siginecha yanu, pa fakisi ya ofesi, zikwana. Ndiponso tamva kuti kukubwera makina ena a mtundu wachitatu, opita ku nthambi ya ku Nkhotakota. Ngati mungathe, mutiphunzitsire Mlonda wanu kuti azifunsa kaye kuti ali pa makina anji ndipo akuyeza ndi chiyani asanaphe munthu. Ndimati ndilembe kuti asanaphe pulogalamu, koma ndazisiya choncho.

Sindikukukakamizani. Msana unali wanu, osati wanga. Mukapanda kuyankha ndidzamvetsa, ndipo ndidzakhalabe mlongo wanu amene anakuberekani kumbuyo popita ku chigayo.

Amayi sindinawauze zonsezi. Akupereka moni, akuti mango a pamtengo wanu uja chaka chino anadyedwa ndi ana a eni ake. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Lusubilo ndi kwa Linda, muwauze kuti azakhali awo akusunga zithunzi zawo m'Baibulo. A Yesaya akupereka moni ngakhale simudziwana.

Ine mlongo wanu,
Benedicta

Dzulo a Binwell anandipeza ndikumata sitampa pa envelopu. Anaima kanthawi akupotokola chipewa, kenaka anati, "Ngati n'kotheka, mayi, mukawapatse moni." Ndaulemba pansi penipeni pano, pamene mungathe kung'amba osaononga kalata yonse.