Milomo ya Mayi wa Saluni

Bambo a mapasa,

Ndathamangira kukagula inki yofiira, yatha. Musakalipire ana, wagwira kompyuta yanu ndine. Pepani, koma pang'ono pokha.

Masiku atatu mwakhala mukulimbana ndi chikwangwani cha mayi wa saluni uja. Mwatulutsa mpaka kakhadi kanu ka mitundu kaja kuti sikana, sikirini ndi printa zigwirizane, milomo yake ituluke mmene ilili. Dzulo ndinakumvani mukuyankhula nokha kuti, "Ayi, yake siifiira choncho." Munaiyang'anitsitsa liti, bambo inu? Chonsecho chithunzi chathu chaukwati munachisikana mothamanga, ine n'kutuluka wotuwa ngati ndagona paphulusa, inu n'kumati printa ndi mmene imachitira.

Ndiye lero ndinati ndidzikonze ndekha. Ndinadina timabatani ta pansi pa sikirini mpaka ndinaoneka ngati munthu, koma papepala ndinatuluka psuu ngati tomato. Ndinayesa kambirimbiri mpaka inki yofiira inatha. Kenako ndinasindikiza mayi wanuyo kuti ndione, watuluka wobiriwira ngati papaya losapsa. Ndisaname, ndaseka.

Yambiraninso ndi kakhadi kanuko, paja mayiyo akubwera 2 koloko kudzatenga chikwangwanicho. Ndifika nthawi isanakwane.

Koma inkiyo ndikupatsani mukandiyankha funso limodzi: maluwa amene ndinanyamula tsiku laukwati wathu anali a mtundu wanji? Sikirini musaidalire, pano ikunama, ndipo chithunzi chenichenicho chili m'chikwama changa muno.

Ndine mkazi wanu wotuwa uja.