Adiresi Imene a Odessa Analemba

Minneapolis,
27 Meyi

Okondedwa achemwali Earline,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu a Percell. Bondo lija likukulolani kukwera masitepe a kutchalitchi, kapena mukadali kukangana nalo? Ine ndili bwino. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundilola kumaliza chiganizo, ndipo nkhani ili apayi ndikufuna ndiimalize ndekha, ndi manyazi ake omwe.

Ndiyambe ndi yokoma. Alamu anu a Odessa anawachita opaleshoni pa 16, chotupa cha m'bere chija anachichotsa chonse. Tabwerera kwa mwana wathu Shalonda kumene tikukhala. Akudya, akuyenda mpaka pakona ya msewu, ayambanso kundilamula. Koma panatsala pang'ono kuti opaleshoniyo isachitike, ndipo wolakwa si wina, ndi mlongo wanu yemweyu.

Mukudziwa kuti ife ometa anthu tilibe bwana wotilipirira inshuwalansi ya kuchipatala. Ndimagula ndekha, ndipo zaka zisanu ndi zinayi sindinadumphepo mwezi. Titachoka kwathu ku Selma, ku Alabama, pa 12 Malichi kubwera kuno ku Minnesota, ndinapitiriza kulipira ya ku Alabama ija, khadi lake lili m'thumba, mtima uli m'malo. Ndinkati khadi ndi khadi, dziko ndi limodzi. Komanso kunena zoona, sindinkafuna kuti dzina langa lilembedwe paliponse kuno. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti tangobwera kudzadwazika, pofika Khirisimasi tikhala titabwerera kwathu. Laisensi yoyendetsera galimoto sindinasinthe, nambala ya galimoto sindinasinthe. Ngakhale mpando umene ndikumeterapo kuno ndimalipira pamanja Loweruka lililonse, popanda kapepala.

Pa 28 Epulo tinapita kuchipatala cha kuno koyamba, titatenga kalata ya dokotala wa kwathu yonena kuti mankhwala aja agwira ntchito, tsopano chotupa chichotsedwe mu Meyi, osachedwa. Mtsikana wa pakauntala analandira khadi, nagogoda pa kompyuta, nagogodanso, kenako anandifunsa mwaulemu ngati ndili ndi inshuwalansi ina. Akuti imeneyi ndi ya ku Alabama, kuno imangothandiza munthu akabwera pa ambulansi. Ndinamuuza kuti mwana iwe, ine ndalipira pa 1 pomwepa. Anati sakukana, koma ndalipirira madokotala amene ali kutali ndi kuno ulendo wa masiku awiri. Atatchula mtengo wa opaleshoni kwa munthu wopanda inshuwalansi, ndinafunsa ngati pali mpando pafupi. Achemwali, ndinachita mantha. Ndinayang'ana a Odessa ndi duku lawo kumutu, ndipo ndinadziona kuti ndine chitsiru.

Anatitumiza kwa mayi wina wachisomali, dzina lake Hodan, amene ntchito yake ndi kuthandiza anthu kulembetsa inshuwalansi, ulere. Tinamupeza m'mawa mwake. Anatifotokozera kuti munthu akasamukira chigawo china amapatsidwa masiku makumi asanu ndi limodzi oti agule ya kumeneko. Akadutsa masikuwo, adikire mpaka Januwale. Athu ankatha pa 11 Meyi. Ndipo kuti yatsopano iyambe kugwira pa 1 Meyi, tinayenera kumaliza zonse mwezi usanathe. Tinali ndi tsikulo ndi mawa lake basi.

Anati pakufunika maumboni awiri. Woyamba woti tinali ndi inshuwalansi tisanasamuke. Apo ndinatukula chifuwa, chifukwa kulipira kwanga kopusa kuja kunali ndi malisiti ake. Wachiwiri woti tinasamukadi, ndi tsiku lake. Anafunsa pepala la lendi, ndinati tikukhala kwa mwana. Anafunsa bilu ya magetsi, ndinati ili m'dzina la Shalonda. Anafunsa laisensi, ndinaitulutsa, iye anaiyang'ana nandibwezera ndi zala ziwiri.

Anati, "Achimwene, ndiye mukufuna ndikawauze chiyani? Pa mapepala inu muli ku Selma, mukudya nsomba yokazinga. Wakhala pamaso pangayu ndi mzukwa."

Anati kalata yolemba Shalonda tikhoza kuiyesa, koma zoterozo nthawi zina amazifufuza kwa milungu, ndipo iye sangalonjeze kanthu.

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa pakukhudza inu. Mukukumbuka kuti tisananyamuke ndinatuma a Odessa kupositi kukadzaza fomu yoti makalata athu azibwera kwa inu? Ndinachita kuwalembera adiresi yanu pa kapepala, ngati kuti sakuidziwa. Ndiye tili muofesi muja, ine mutu uli pansi, iwo anatsegula chikwama chawo pang'onopang'ono, natulutsa envulopu yopindapinda. Inali kalata ya apositi yotsimikiza kuti tasintha adiresi. Mayina athu tonse awiri, adiresi yakale ya ku Selma, tsiku la 12 Malichi, ndipo adiresi yatsopano si yanu ayi, ndi ya Shalonda. Kapepala kanga kaja anakataya m'bini pakhomo pa positi pomwepo. Makalata anga onse akhala akufika kuno, iwo ndi mwana wawo n'kumawabisa m'bokosi la nsapato pansi pa bedi limene ndimagonapo ine ndemwe.

Hodan anaiwerenga, naomba m'manja, nati mwamuna uyu akagule maluwa lero lomwe. Anatisankhira inshuwalansi imene chipatala chija chimalandira, chifukwa akuti si zonse. Tsiku lotsatira ndinalipira mwezi woyamba, ndipo ya ku Alabama anandiuza kuti ndisaiimitse kufikira yatsopano itayamba. Ndinamvera. Masiku ano ndikumvera kwambiri.

Tili m'galimoto pobwerera ndinafuna kukwiya pang'ono, poti ndine mwamuna. Ndinawauza kuti mayi, mwandinamiza milungu isanu ndi iwiri yathunthu. Iwo osandiyang'ana n'komwe anati, "Eya, ndinakunamizani. Inu mumati ine ndidwale kuno, makalata akadwale ku Selma? Tayendetsani galimoto bambo a Shalonda, anthu akuimba hutala kumbuyoku." Ndinayendetsa, koma msewu ndinkauona mwachimbuuzi.

Ndiye pepani, achemwali. Katatu konse ndinakuimbirani kukukalipirani kuti mukusowetsa makalata anga. Ndinafika pokunenani kuti mumayatsira moto wootchera nyama. Inu munalibe mlandu. Pempho langa ndi limodzi. Shalonda wandiuza kuti chifukwa cha ine munamuimika pamsewu bambo wobweretsa makalata uja, n'kumulalatira anthu akuona. Chonde mumuphikire chitumbuwa cha mbatata chija, chenicheni, osati chimene mumapereka kwa abusa, mumupatse ndi kumuuza kuti mlongo wanu wa ku Minnesota wapepesa.

Za kuno n'zochepa. Chisanu chinatha mochedwa, koma tsopano mitengo yaphuka ndipo anthu akuyenda ndi makabudula pa kuzizira kumene kwathu tikanavala majekete. Anyamata a kometera andiphunzitsa kumwa tiyi wawo wa zonunkhira, ine ndikuwaphunzitsa kugwira lumo. Sabata yatha ndinakasintha laisensi. Chithunzi chake ndatuluka ngati malemu bambo athu tsiku limene ankawazula dzino.

Tsiku la opaleshoni ndinakhala pabenchi maola anayi, chipewa ndikuchipotokola m'manja. Atandiitana ndinawapeza a Odessa akungodzuka kumene, milomo youma, maso olemera. Ndinawagwira dzanja. Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kundizindikira, kenako anati, "Cleophus, mukadali ku Alabama, kapena mwafika?" Ndinati ndafika, mayi. Anati ndiye khalani pansi, nagonanso dzanja langa ali chigwirire. Namwino anabwera kudzati nthawi yoona odwala yatha, koma atationa anangotseka katani n'kubwerera.

Dokotala akuti akhala akuwaona kwa zaka zisanu. Choncho pa Khirisimasi musatiikire mbale. Mukafuna kutiona mudzakwere ndege, jekete tidzakubwerekani.

Mundiperekere moni kwa alamu a Percell, kwa azakhali a Lurleen, ndi kwa adzukulu anu onse. Kutchalitchi muwathokoze chifukwa cha mapemphero, muwauze kuti asaleke. Alamu anu akupereka moni, akuti simunalakwe kanthu ndipo akudziwa kuti mukanakhala inu mukanachita chimodzimodzi. Shalonda nayenso akuti moni kwa azakhali ake.

Ndine mlongo wanu wamakani uja,

Cleophus